Tikamva Chining'a Tizifunsa Kuti Chikubisa Yani

Awa ndi mawu amene mphunzitsi wina wa Chichewa wopuma pa ntchito, wochokera m'boma la Machinga, adayankhula pa msonkhano wa anthu okonda chiyankhulo chathu ku Balaka. Tawasindikiza monga momwe adawayankhulira.



Mwandipempha kuti ndiyankhulepo za matanthauzo a zining'a ndi mawu okuluwika. Ndikadafuna ndikadangobwera ndi mndandanda monga tinkachitira m'kalasi muja: kutsina khutu ndiye kuchenjeza munthu mwamseri, kulemba m'madzi ndiye kuvutika pachabe, kutsikira kuli chete ndiye kumwalira, basi inu n'kulemba m'makope n'kumapita kwanu. Koma zimenezo mwana wa Sitandade 8 amazidziwa, ndipo amene akufuna miyambi yochuluka akhoza kukatsegula buku la a Kumakanga la Nzeru za Kale kapena la a Joseph Chakanza limene muli miyambi 2000. Ine lero ndikufuna tione za ntchito imene mawu oterewa adagwira m'dziko muno pa nthawi imene pakamwa pathu padali pomangidwa, ndi ntchito imene akugwira tsopano.

Tiyambe tamvana kuti chining'a n'chiyani. Chining'a ndi mawu amene amanena china koma akutanthauza china. Tikati uje akutidyera masuku pamutu sindiye kuti pali masuku enieni. Koma taganizani za mayi amene wasenza dengu la masuku kuchokera kuphiri kupita kumsewu kukagulitsa, ndipo kumbuyo kwake kuli munthu wamtali amene akungotapa m'dengumo namadya, mwini wake osaona chifukwa dengu lili pamutu. Wolema ndi mayiyo, wokhuta ndi wina. Tanthauzo lonse lili m'chithunzi chimenecho. Tikati andigwiritsa fuwa lamoto, aliyense amene adakhalapo pafupi ndi mafuwa akudziwa kuti mwala wa pamoto sumaoneka kuti ukutentha mpaka utaugwira, n'chifukwa chake mawuwa amanena za kupusitsidwa. Choncho chining'a ndi chophimba. Tsono chophimba chimabisa munthu wosalakwa amene akuthawa adani, koma chimabisanso mbala. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, kuyambira 1966 mpaka 1993, tidaona zonse ziwiri.

Ndiyambe ndi mawu amene adatuluka m'kamwa mwa olamula.

Mu February 1965 ine ndinali mnyamata wa zaka 10. Mwezi umenewo a Henry Masauko Chipembere ndi anthu awo pafupifupi 200 adalanda boma la Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, nauyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde adapeza chombo chowolotsa magalimoto chili tsidya lina la Shire, ndipo ulendo wawo udathera pomwepo. Kuchokera masiku amenewo mawu akuti chigawenga adalowa m'nyumba iliyonse kuno kwathu. Poyamba ankanena munthu amene wanyamula mfuti polimbana ndi boma. Posakhalitsa adayamba kunena mbale wake wa munthuyo, kenaka amene walandira kalata yochokera ku Tanzania kapena ku Zambia, kenaka aliyense amene wafunsa funso pa msonkhano. Ena mwa inu mudatchedwa dzina limeneli musanagwirepo ndi legeni yomwe. Dzina lija likangokumata, panalibenso wofunsa kuti walakwa chiyani, chifukwa dzinalo lidali mlandu, umboni ndi chigamulo pamodzi.

Mawu ena adali okoma kuwamva. Dr Kamuzu Banda ankadzitcha nkhoswe ya amayi onse a m'Malawi, ndipo amayiwo ankatchedwa mbumba yawo. Ife a ku Machinga ndi ku Balaka, kumene ambiri timatsata za chikamwini, mawu amenewa timawadziwa bwino. Mwini mbumba ndi mlongo kapena malume amene amayang'anira alongo ake ndi ana awo. Banja likagwedezeka nkhoswe imathamanga, matenda akagwa imasenza udindo, maliro akachitika imagona panja. Nkhoswe ndi munthu woti umamupeza pakhonde pake n'kumuuza zakukhosi, ndipo ikamalephera ntchito yake abale amakhala pansi n'kuona wina. Chifukwa choti mawuwo tidawazolowera, adatilowa mosavuta. Koma funsani amayi amene ankakwezedwa pa malole, kusiya ana ndi minda, kukavina kutali ndi kwawo, ngati adali ndi ufulu wokana. Ndipo nkhoswe imeneyi mu 1971 idapatsidwa udindo wa muyaya, kutanthauza kuti mbumba idalibenso mphamvu yokhala pansi n'kuona wina. Dzina lidali la kumudzi, koma zimene zidali m'kati mwake sizidali za kumudzi ayi.

Chimodzimodzinso mawu akuti mphatso. Pa Chichewa mphatso ndi chinthu chimene munthu amapereka mtima wake utafuna. Koma mtsogoleri akamabwera kudzayendera mbewu m'minda, m'midzi munkasonkhedwa mazira, nkhuku, mbuzi ndi ndalama, ndipo wokana kusonkha ankadziwa yekha chimene chimugwere. Msonkho umenewo ukafika pa nsanja unkalengezedwa kuti ndi mphatso yochokera kwa anthu okondwa. Khadi ya chipani nayo ankati munthu amagula mwa kufuna kwake, chonsecho pa chipata cha msika ndi pokwerera basi padali anyamata a yufi oletsa wopanda khadi kudutsa.

Ndipo padali mawu amodzi amene adafika poopsa kuposa onse, mawu akuti ngozi. Mu May 1983 dziko lidauzidwa kuti a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga amwalira pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Bungwe lofufuza limene boma latsopano lidakhazikitsa mu 1994 lidapeza kuti anthu anayiwa adachita kuphedwa, ngakhale kuti mlandu umene udatsatira mu 1995 udatha a Banda ndi a John Tembo atapezeka osalakwa. Kwa zaka 11 anthu ankati ngozi, pamene mumtima akudziwa china. Nthawi zina chophimba ankachichotsa dala pofuna kuopseza, monga pamene tinkamva kuti otsutsa boma akabwerera kuno adzakhala nyama ya ng'ona. Ife okhala m'mbali mwa Shire, amene timaziona ng'ona zikuwothera dzuwa pa Liwonde, sitinkadziwa ngati chimenecho chidali chining'a kapena chilengezo, ndipo kusadziwako n'kumene kunkatigoneka chete.

Tsopano ndinene za mbali yathu, pakuti ifenso anthu wamba tidabisala m'mawu omwewo.

Ndikukumbukira maliro ena m'mudzi wina cha ku Ntaja m'zaka za m'ma 1980, ndili mphunzitsi wachinyamata. M'deralo mudali mnyamata wina wa yufi amene ankazunza anthu pa msika, kulanda katundu wa amayi opanda khadi, koma panalibe womukhudza chifukwa adali mphwake wa mkulu wina wa chipani. Tsiku limenelo mkuluyo adalipo, atakhala pa mpando kutsogolo. Gogo wina ataimirira kuyankhula m'malo mwa banja, adathokoza anthu monga mwa mwambo, kenaka adayamba kudandaula za makoswe amene akutha chimanga m'nkhokwe chaka chimenecho, namaliza ndi mwambi uja wakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Adakhala pansi. Panalibe woseka, panalibe woyang'ana mnzake, koma tonse tidamva. Khoswe wa pamkhate sumugenda poopa kuswa mkhate, ndipo mkhatewo udali utakhala pa mpando kutsogolo kwathu. Mkulu uja sakadatha kumumanga gogoyo, chifukwa akadatero akadavomera yekha kuti khosweyo ndi wa kunyumba kwake.

Imeneyo ndiye mphamvu ya chining'a m'kamwa mwa munthu wopanda mphamvu. Chimafika kwa amene chikumunena, koma sichisiya phazi loti kazitape alitsate. Alakatuli athu adaidziwa njira imeneyi. A Jack Mapanje, mwana wa ku Mangochi konkuno, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, adatulutsa buku la ndakatulo mu 1981 lotchedwa Of Chameleons and Gods. Dzina lokhalo likunena za bilimankhwe, kanyama kamene kamasintha mtundu kuti kasaonedwe. Komabe mu 1985 bukulo lidachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo, ndipo mu September 1987 mwini wake adatengedwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu mpaka May 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Apa tikuphunzira kuti chining'a chimateteza, koma sichiteteza mpaka kalekale. Olamula nawonso adayamwa Chichewa chomwechi.

Pali chinanso chimene tiyenera kuvomereza ngakhale chili chowawa. Tsiku lija ku Ntaja tidabwerera kumaliro mitima itapepuka, tikunong'onezana kuti gogo wamulasa. Koma m'mawa mwake mnyamata uja adali pa chipata cha msika monga kale. Chining'a chidatithandiza kupuma, chidatithandiza kudziwa kuti sitili tokha, koma sichidachotse khoswe pamkhate. Wolamula akhoza kumva mwambi n'kunamizira kuti sadamve, ndipo zaka n'kumapita.

Chimene chidagwedeza dziko chidachokera m'tauni ino ya Balaka, ndipo sichidali chining'a. Pa 8 March 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti, imene idasindikizidwa pa makina a ansembe a Montfort konkuno. Amene mudaimva tsiku limenelo mukukumbukira kuti mudalibe kalulu kapena fisi m'menemo. Idanena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a anthu apantchito, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi za mantha amene ankaletsa anthu kunena maganizo awo. Zonsezo tinkazidziwa kale, ndipo tidali titazinena m'miyambi kwa zaka zambiri. Chachilendo chidali kuzimva zikutchulidwa ndi maina ake masana dzuwa likuswa mtengo. Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, nyumba yosindikizira mabuku ija idayatsidwa moto, ndipo a John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko. Koma mawu adali atatuluka kale. Pa 6 April a Chakufwa Chihana adatsika ndege ku Lilongwe nanena poyera kuti akufuna matipate, namangidwa pomwepo.

Zitatero, nkhondo ya mawu idasintha. A Kongeresi adayamba kutcha anthu ofuna matipate kuti abongololo, pofuna kuwachepsa ngati tizilombo tokwawa pansi. Koma paja akulu adati bongololo sadzolera mafuta pagulu, kutanthauza kuti wanzeru saulula zonse zimene akukonza. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 zizindikiro ziwiri zidaikidwa pamaso pathu, tambala wakuda ndi nyali. Tambala adali atalira kuti kwacha kuyambira masiku omenyera ufulu wodzilamulira, koma anthu pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse adasankha nyali. Munthu sayatsa nyali kunja kutacha. Posankha nyali anthu adayankha funso lakuti kodi kudachadi, ndipo adaliyankha popanda kutsegula pakamwa. M'nyengo yomweyo mwana wa kuno ku Balaka, malemu Lucius Banda, amene adakulira mu Alleluya Band ndipo adatisiya pa 30 June 2024, adaimba nyimbo yotchedwa Mabala. Panalibe wofunika kumumasulira kuti mabalawo ndi a chiyani.

Mwina wina anena kuti zonsezi ndi mbiri yakale, poti lero tili ndi ufulu woyankhula, mawayilesi ndi ambiri, ndipo achinyamata amatukwana nduna pa Facebook osaopa kanthu. Inde, zinthu zidasintha, ndipo amene tidaona zakale sitingapeputse kusinthako. Koma tamverani mawu amene tikugwiritsa ntchito masiku ano.

Chipondamthengo ndi kanthu kamene munthu ankapereka kwa sing'anga kuti apite kutchire kukakumba mankhwala. Lero mawuwa akunena ndalama imene munthu amapatsidwa m'manja kuti alembe nkhani yokomera wina kapena kuti abwere ku msonkhano. Chibanzi ndi chakudya cha mwana wa sukulu, koma lero tikamva kuti wandale walandira chibanzi timadziwa kuti wagulidwa. Wa mu ofesi akafuna chiphuphu sanena kuti ndipatseni chiphuphu, amati kangachepe, kapena ya Fanta. Mu 2013, pamene mabiliyoni a makwacha adabedwa m'boma pa nkhani ija ya Cashgate, ambiri tinkangoti asolola, ngati kuti munthu wasolola nzimbe pa mtolo. Kodi mwaona chimene mawu onsewa akuchita? Akuchepetsa chinthu chachikulu kuti chioneke chaching'ono ndi choseketsa. Munthu amachita manyazi kutchedwa mbala, koma sachita manyazi kunenedwa kuti wasolola, mwinanso anzake amamutama kuti ndi wochenjera. Pamene tikuseka, mayi wa ku Nayuchi kapena wa ku Utale wafika kuchipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala kulibe.

Mawu aja akuti mphatso nawo sadafe, adangotembenuka. Kale mphatso inkachoka kwa ife kupita ku nsanja. Kuyambira m'zaka za ulamuliro wa a Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma ku Machinga kwathu konkuno, amene adapambana chisankho cha pa 17 May 1994, tidazolowera kuona mphatso ikuchoka ku nsanja kubwera kwa ife, ndipo zipani zina zonse zidatengera khalidwe lomwelo. Nsalu, malaya, ndalama za m'manja, zonsezi timazitcha mphatso. Lamulo la zipani limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018 lidachita kuletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, chifukwa aphungu omwe ankadziwa kuti dzina lenileni la mphatso yotere ndi malonda. Amene wakugula ndi nsalu imodzi adzabweza ndalama yake kwa zaka zisanu, ndipo adzaitapa m'dengu lomwe lija lili pamutu pako.

Chisankho cha 2019 chidatiphunzitsanso kanthu. Madandaulo a zipani pa zotsatira adafupikitsidwa n'kukhala madando, mawu amene tonse tidaseka nawo ndi kutchulana nawo m'mabasi. Koma oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko sadaseke. Adakhala pansi miyezi ingapo kuyang'ana mapepala, kuona pamene padafutidwa ndi Tippex, ndipo pa 3 February 2020 adagamula kuti chisankho cha pulezidenti chichitikenso. Adachita chimene maepiskopi adachita mu 1992, kuvundukula chophimba ndi kutchula chinthu ndi dzina lake.

Tsono musandimve ngati ndikuti titaye zining'a. Ine ndadya za Chichewa moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa kuti chiyankhulo chopanda mikuluwiko chili ngati ndiwo zopanda mchere. Sitinganene kwa mayi wofedwa kuti mwana wanu wafa, timati watisiya, ndipo kumeneko ndi kulemekeza misozi yake. Mkamwini sangadzudzule apongozi ake maso ndi maso, amadzera m'mwambi, ndipo banja limalimba. Ku bwalo la mfumu mwambi umodzi umatha kuzimitsa mkangano umene ukadatha mwezi. Abale athu a Chiyao ndi a Chilomwe amene ndi ambiri m'maboma athu awiriwa ali ndi nkhokwe zawonso za mawu otere, ndipo n'zachisoni kuti kuyambira 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ana awo kwa zaka zambiri sadazimve m'kalasi kapena pa wayilesi.

Chimene ndikupempha ndi chakuti tikamva chining'a tisamalekere pa kufunsa kuti chikutanthauza chiyani. Tizifunsanso kuti akuchinena ndani, akuuza yani, ndipo chikubisa yani. Chikakhala m'kamwa mwa wamng'ono amene akuopa wamkulu, kapena mwa munthu amene akusunga ulemu wa mnzake, tichisamale, ndi chuma chathu. Koma chikakhala m'kamwa mwa munthu amene tamupatsa udindo, ndipo akuyankha za ndalama zathu, za mankhwala athu kapena za mavoti athu, tisamuombere m'manja chifukwa choti wathira mwambi wokoma. Timuuze mwaulemu kuti bwana, mwambiwo taumva, tsopano tiuzeni m'Chichewa cha masana kuti ndalama zidalipo zingati, zidapita kuti, ndipo adasaina ndani. Phungu kapena khansala amene akutiyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha pamene mjigo udawonongeka chaka chatha, akugwiritsa ntchito nzeru za makolo athu potitseka pakamwa. Ndipo ife eni ake tisiye kutchula kuba ndi maina oseketsa.

Kwa inu amene mudabwerera kuchokera ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare kapena ku London boma litakhululukira othawa kwawo mu 1993, ndili ndi pempho lapadera. Ambiri mwa inu mudandiuzapo kuti mutafika mudapeza Chichewa chimene mudachisiya chitasintha, anthu akuyankhula mozungulira ndi moyang'ana kumbuyo, ndipo mudaganiza kuti abale anu sakukukhulupirirani. Sikudali kudana nanu. Kudali kuzolowera kwa zaka pafupifupi 30, ndipo chizolowezi chotere sichitha ndi voti imodzi. Ana ndi adzukulu anu, amene ena adaphunzira Chichewa atakula, aphunzitseni miyambi ndi zining'a, koma muwauzenso nkhani ya mawu akuti chigawenga, mphatso ndi ngozi, kuti adzazindikire msanga tsiku limene wina adzayesenso kuwaveka chinthu choipa dzina lokoma. Inu mudatchedwa maina amenewo, ndiye mukhoza kuwafotokoza bwino kuposa ine amene ndidangowamva ndili m'kalasi.

Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndanena zanga, ndipo ngati penapake ndaponda molakwika, akuluakulu muli pano mundikonze.